Nyumba ya Ajibu

Ajibu anatumiza pulani kuchokera ku Joni,
chithunzi pafoni, nyumba ya munthu wina
yomangidwa kudziko lozizira.
Akuti, Che Twaibu, mundimangire yomweyi ku Mpondasi,
musasinthe ngakhale njerwa imodzi.

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali.
Galasi kuyambira pansi mpaka kudenga,
loyang'ana kumene dzuwa limalowera.
Mawindo osatseguka.
Malata obisala kuseri kwa khoma ngati ali ndi ngongole.
Khonde palibe.
Ndinamufunsa: mayi ako azisendera pati chinangwa?
Mlendo aziima pati asanauzidwe kuti lowani?
Anandiyankha ndi kachala kachikasu koloza kumwamba.
Ndalama zinafika Lachisanu.
Ndinamanga.

Okutobala atabwera
nyumba inayamba kuphika eni ake.
Abiti Sumaili anakoka mkeka
kubwerera m'nyumba yakale ya malemu amuna awo,
ya njerwa zosaotcha, denga lalitali,
mawindo awiri oyang'anizana
kuti mphepo ikalowa isachite kufunsa njira.
Mvula ya Januwale inaima padenga lobisika lija,
inasowa potsikira,
inatsikira pabedi.
Koma pachithunzi, eee, pachithunzi ndi nyumba ndithu.
Anthu mazana atatu anaikonda
ndipo palibe mmodzi anagonamo.

Ine sindingaseke kwambiri.
Mwana wanga Asiyatu anandilowetsa m'nyumba ina,
iyi ya m'thumba la malaya.
Khomo lolowera ndi lalikulu, ungalowe ndi ngolo.
Lotulukira ndalifunafuna chaka chathunthu.
Amene anaimanga ntchito amaidziwa, ndisaname,
koma masitepe ake alibe pothera.
Chala chimangotsika, kutsika:
maliro, nsapato zotchipa, ndewu ya pasiteji ya ku Namwera,
mbuzi yovala jekete, maliro enanso,
mpaka azana ya m'bandakucha kundipeza maso ali gwa,
bandulo itatha, khosi lili nganganga.
Ine ndikamanga masitepe ndimasiya popumira,
poti munthu aime, akumbukire chimene wakwerera.

Makoma ake ndi galasi, ngati kwa Ajibu.
Ukadzuka usiku, mudzi wonse wadziwa kuti uli maso.
Ukawerenga uthenga wa amene unamukongola simenti
timizere tiwiri timasanduka tabuluu
n'kukakunenera.
Ndipo onse amagogoda mofanana,
m'bale amene wagonekedwa kuchipatala cha paboma
ndi mnyamata wogulitsa mafuta oyeretsa khungu.
Ndani amamanga chitseko chotero?

Chipinda chimodzi chokha ndimachivulira chipewa.
Abiti Sumaili sanapondeko m'kalasi.
Amadina pamodzi, n'kuyankhula basi,
ndipo Chiyao chawo chonse,
ndi chifuwa chawo chomwe, ndi tambala wolira kumbuyo,
chimafika ku Joni chisanazizire.
Amene anaganiza kabatani kameneko
anayamba wafunsa kuti m'nyumbamu mudzakhala ndani.
Mpamene mayi anamuuzira mwana wawo za galasi lija,
mphindi zinayi zathunthu,
osapuma, osatukwana,
kungowerenga masiku amene agona panja.

Dzulo Ajibu watumiza mawu, osati chithunzi.
Mawu otsika, a munthu wochokera kuntchito ya usiku.
Akuti, Che Twaibu, kodi khonde lingadye zingati?

Ndinayeza kale, chaka chatha, iye osadziwa.
Nsanamira zisanu, malata khumi ndi awiri,
mbali ya kumadzulo, mthunzi ugwere pagalasi,
ndi kakhoma kafupi kofika m'mawondo
koti munthu akhalepo ndi lichero pamiyendo.
Pepala lake lili m'chitini cha misomali.

Sindinamuyankhe.
Tabuluu tija tamuuza kale kuti ndamva.
Adikire pang'ono panja,
aone mmene zimakhalira
kuima pakhomo popanda mthunzi.